Njinga Yamoto Imene Ndinapanga ndi Injini ya Apongozi

Felemu yake ikadalipo. Ili padenga la khola la mbuzi, yothyoka pakhosi, dzimbiri litayamba kuidya, ndipo mkazi wanga wandiuza kangapo kuti ndikaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Anthu a m'mudzi muno, kufupi ndi Bembeke, onse amadziwa kuti ndinagwa ndi njinga yamoto yopanga ndekha. Amadziwanso kuti injini imene ndinaononga inali ya apongozi anga. Chilipo china chimene sadziwa, chimene sindinachitchule ngakhale tsiku limene tinakhala pansi ndi ankhoswe. Ndikufuna ndichinene, koma kuti chimveke ndiyambire pa maapozi, poti njingayo ndinaipangira maapozi.

Kwathu kwenikweni ndi ku Mtakataka, kumunsi kwa mapiri, kumene munthu amagona pamkeka osafunda. Kuno kumtunda ndinabwera chikamwini. Ntchito yanga ndi yokonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo pamsika: kumata machubu, kumanga masipoko, kuwongola malimu. Chaka changa choyamba kuzizira kwa June kunandilowa m'mafupa. M'mawa ndinkapeza udzu wa kudambo utayera mbuu, zala zosatha kugwira sipanala. Ndinaona mapichesi akubala kuseri kwa nyumba za anthu popanda wowasamala, ndiye mumtima ndinati, kuzizira konseku, maapozi angakanirenji?

Ndinagula awiri m'sitolo ku Dedza boma, lina lobiriwira lina lofiira, onse ali ndi timapepala tomata tosonyeza kuti achokera ku South Africa. Tinadya ndi ana, njere ndinasunga. Ndinazikulunga m'kansalu konyowa n'kuziika m'kamphika panja nyengo yonse yozizira, ndipo zisanu ndi ziwiri zinamera. Ndinaziwokera kuseri kwa nyumba pamalo amene apongozi aakazi anatipatsa, ndinazitchingira ndi minga kuopa mbuzi, ndinkathira phulusa kuopa chiswe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinathirira mitengo imeneyo. Kukula inakula, koma makulidwe ake anali achilendo: nthambi zazitali ngati zikoti, zopanda kanthu thupi lonse, masamba kunsonga kokha. Umodzi wokha ndiwo unabala, tizipatso tinayi tonga masuku, towawasa mpaka mwana wanga wamng'ono analavula.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi anabwera kudzaona kachewere wa apongozi, ndipo ndinawapempha kuti azungulire kuseri. Anaima nthawi yaitali akupindapinda nthambi imodzi ndi zala.

“Bambo, munabzala njere?”

Ndinavomera.

“Njere ya apozi siitengera mayi wake.”

Ine ndinazolowera mango a kwathu, oti ukataya njere padzala, mtengo womerawo umabala monga umene unadyapo. Apozi satero. Duwa lake limalandira mungu wochokera kumtengo wa mtundu wina, choncho njere iliyonse ndi mtengo watsopano umene palibe akuudziwa, ndipo yambiri imabala zowawasa. Lobiriwira lija limatchedwa Granny Smith. Mitengo yake yonse padziko lapansi inachokera pamtengo umodzi umene unamera kufupi ndi Sydney ku Australia cha mu 1868, ndipo chiyambire anthu akhala akudula tinthambi take n'kumamezanitsa pa tsinde la mitengo ina. Pobzala njere mtundu weniweni supezeka.

Za nthambi zopanda masamba anandifotokozera chonchi. Mtengo wa apozi umagona nyengo yozizira, ndipo sudzuka bwino ngati sunalandire maola okwanira a kuzizira kosapitirira madigiri 7. Maapozi a m'sitolo amalimidwa ku Ceres ndi ku Elgin, ku Western Cape, kumene mapiri amayera ndi chipale nthawi yachisanu. Mtundu wonga Golden Delicious umafuna maola 600 kapena kuposerapo. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku kumazizira zedi, koma ikamakwana teni koloko dzuwa limakhala litaotcha, n'kufafaniza gawo lina la kuzizira kwa usiku uja. Mtengo umangoti kunsonga wadzuka, m'munsi monse ukadali mtulo.

Anandipatsa mayina awiri, ndipo ndinawalemba pachikhatho: Anna ndi Dorsett Golden. Anna anaupanga ku Israel m'zaka za m'ma 1950, ndipo umakhutira ndi maola 200 mpaka 300. Dorsett Golden unapezeka ku Bahamas, kuzilumba zotentha, ndipo sufuna kuzizira kochuluka. Iwiriyi imachita maluwa nthawi imodzi, njuchi n'kumanyamula mungu uku ndi uku.

“Musabzale mtundu umodzi wokha,” anatero. “Anna payekha amachita maluwa ambiri, koma zipatso zake zimakhala zochepa.”

Ndinapeza mlimi wina womezanitsa mitengo kumbali ya Ntcheu, mtunda wa makilomita ngati 30 kudzera njira zadothi, ndipo ndinalipiriratu mbande khumi, zisanu za mtundu uwu, zisanu za winawo, zoti ndikatenge mu January mvula itakhazikika.

Ndikanatha kupalasa njinga yanga. Ndikanathanso kulipira mnyamata wakabaza, poti njinga za Lifo zili mbwee pamsika pathu. Koma maganizo anga anali atapita kale patali. Ndinkadziona ndikutsika ku Lizulu ndi madengu a maapozi, ndiye munthu wa maapozi ayenera kukhala ndi chonyamulira chake. Ndalama zogulira njinga yamoto ndinalibe. Ndinkakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi felemu ya njinga, ndipo ndinkati ine wogwira njinga tsiku ndi tsiku ndingalephere bwanji. Mpaka lero ndimamulemekeza mnyamata ameneyo. Iye anatola zotayidwa, koma ine ndinatenga chimene banja linkadyera.

Apongozi aamuna anali ndi pampu yapetulo yothirira kudimba, ya injini zofala zija zokoka ndi chingwe. Anaigula atagulitsa ng'ombe yawo imodzi. Nthawi yadzinja pampu imangokhala m'nyumba yofunditsidwa thumba. Ndinauza mkazi wanga kuti ndikuitenga ndikaitsuke ndi kusintha oyilo isanafike ntchito ya m'chilimwe. Iye anakauza bambo ake, ndipo anandithokoza. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti pofika April ndidzakhala nditaibweza monga inalili, palibe adzadziwe.

Masabata atatu ndinajambula m'kope la mwana wanga usiku ndi kandulo. Ndinasankha felemu ya njinga zakuda zolimba zija za matayala a mainchesi 28, za mabuleki a ndodo. Ndinamasula mbali yopopera madzi, injini n'kutsala yokha, yolemera makilogalamu ngati 15. Pakati pa felemu sinakwane, inkagunda zopalasira, ndiye ndinaikhazika pakaliyala kumbuyo kwa chishalo. Kushafiti yake ndinaikako kapule ka masentimita 7. Pamasipoko a tayala lakumbuyo ndinamangirira limu ya njinga ya mwana, ya masentimita ngati 50, kuti ikhale pule yaikulu, ndipo ziwirizi ndinazilumikiza ndi lamba wakutha amene ndinapempha kuchigayo. Pamalo pa kilatchi ndinapanga chogwirira chachitsulo chokhala ndi kagudumu: ukachikoka, lamba amakungika njinga n'kuyenda, ukachisiya, sipuling'i imachibweza lamba n'kukhwefuka. Moto ndinkawonjezera ndi waya wa buleki amene ndinamukokera kuhandulo. Ndikaganiza za chogwirira chija ndimaonabe kuti nzeru yake inali yabwino. Zimene ndinasamala zinali zoti njinga iyende, koma zoti iime sindinajambule ngakhale tsamba limodzi.

Masamu ake anadzandiwerengera pambuyo pake ndi mlamu wanga wauphunzitsi, ine dzanja lili m'nsalu. Injini zimenezi zimazungulira maulendo 3,600 pa mphindi imodzi zikakhala pamoto wonse. Ndi mapule anga aja, injini ikazungulira kasanu ndi kawiri tayala limazungulira kamodzi, ndiye kuti maulendo ngati 500 pa mphindi. Tayala la mainchesi 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.2. Kuwerengera zonse, njinga yopangidwira miyendo ya munthu inali yoti ithamange kupitirira makilomita 65 pa ola, choimitsa chake tili timphira tinayi tokhuza limu. Panafunika shafiti ina pakati yochepetsanso liwirolo ndi theka, panafunika tayala la buleki ya m'kati ngati la njinga yamoto yeniyeni, panafunikanso kabatani kozimitsira pahandulo. Kanga kanatsala pamene anakaika opanga injiniyo, pambali pake, kumbuyo kwa msana wanga.

Mnyamata wowotcherera zitsulo pamsika anandichenjeza. Atayang'ana felemu anati, “Akulu, mapaipi awa ndi opyapyala, ndipo m'mfundomu analumikiza ndi mkuwa. Moto wanga ukapsereza apa, padzafooka.” Ndinamuuza kuti njinga ndimazidziwa kuposa iye. Anawotcherera pang'onopang'ono, kadontho kadontho, akupukusa mutu, ndipo ndalama analandira theka lokha.

Ulendo wopita unayenda. Ndinanyamuka kusanache kuti apongozi asamve kulira kwa injini yawo, ndinakankha njinga mpaka kuseri kwa manda n'kukalizira kumeneko. Kutsogolo kunkapepuka pachitunda chilichonse chifukwa cha kulemera kwa kumbuyo, moti ndinkachita kugonera pahandulo. Ana ankandithamangira m'midzi. Ndivomere kuti ndinakondwa kwambiri m'mawa umenewo.

Mlimi uja anali atakonzeratu mbande m'machubu akuda. Iliyonse inali yaitali ngati mkono, ndipo chapansi panali chipsera chokulungidwa ndi pulasitiki, pamene kanthambi ka mtundu weniweni kanagwirana ndi tsinde. Anandionetsa ndi chala. “Powokera, apa pasakwiririke ndi dothi, ndipo mukaona mphukira yotuluka m'munsi mwa chipserachi muziithothola, si apozi amene mwagula.” Za Dorsett Golden anazimanga ulusi wofiira kuti ndisasokoneze. Atayang'ana njinga yanga, kenako kumwamba, anati ndigone konko ndinyamuke mawa. Ndinakana. Ndinkaopa kuti ndikagona, kunyumba afunsa za pampu.

Zinayi ndinaziika m'kadengu kutsogolo, zisanu ndi imodzi m'matumba awiri olendewera pamtanda wa felemu. Mvula inandipeza nditayenda theka la ulendo. Sinali yamphamvu, inali yowaza chabe, yokwanira kusandutsa katondo kukhala sopo. Matope anayamba kuunjikana pakagudumu ka chogwirira chija, koma ndinkangoti ndikafika pamtunda ndichotsa.

Pali chitsetse china chotsikira kumtsinje, mlatho wake wa mitengo yogoneka. Nditayamba kutsika ndinasiya chogwirira kuti lamba akhwefuke. Sichinabwerere. Matope anali atagwira sipuling'i. Ndinasiya waya wa moto, naye anakanirira m'chikopa chake. Ndinafinya mabuleki onse awiri mpaka zala kuwawa, timphira tikungotsetsereka palimu yonyowa, fyee. Ndinaponya dzanja kumbuyo kufuna kabatani, chimene ndinagwira ndi paipi ya utsi. Pamenepo ndipo ndinamuona mwanayo.

Anali mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, atasenza kandowa, ali pakati pa mlatho. Ndinakuwa. Iye anangoima njii, maso ali pa ine, manja onse atagwira kandowa kake. Ndikukumbukira diresi lake lachikasu long'ambika paphewa, ndi madzi akutayikira pamphumi pake. Malo oti tidutsane panalibe. Ndinakhotetsa handulo kumanzere, felemu inathyoka pakhosi, ndipo ndinagwera m'chigwembe, injini ikubwera pambuyo panga.

Fupa la paphewa linathyoka, ntchafu inapsa. Abambo ena anandinyamula pangolo mpaka kumsewu. Ndili chigonere pangolopo, mayi wa mwana uja anabwera atanyamula kanthu m'chitenje. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo akanalakwa chiyani? Anatula chitenjecho pambali panga. Anali atatola mbande zanga m'matope, imodziimodzi, pamodzi ndi dothi lake. “Pepani bambo, zambiri zathyoka,” anatero. Zisanu ndi ziwiri zinali zitaduka pachipsera penipeni. Zitatu zinapulumuka, zonse zopanda ulusi. Ndinkadzitonthoza kuti mwina ulusi unangoduka.

Injini inapindika shafiti, chimimba chake chinang'aluka. Wokonza anati kugula ina n'kotchipa.

Nditatuluka m'chipatala tinakhala pansi pakhonde la apongozi, ankhoswe a mbali zonse alipo. Malume ake a mkazi wanga anayankhula motalika. Anati mkamwini asamakule mwendo, anati ndinanamiza mwana wawo n'kumusandutsa wonyamula bodza kupita nalo kwa bambo ake, ndipo zonsezo zinali zoona. Mkazi wanga anali chapatali ndi azimayi, atazolika. Apongozi aamuna sanayankhule mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso limodzi, osandiyang'ana.

“Apongozi, musananyamuke munaiyesa njingayo?”

Ndinati, “Eya, ndinaiyesa. Inkayenda bwinobwino. Ndi mvula inandilakwira.”

Anagwedeza mutu n'kunena kuti ngozi siinunkha, chachikulu moyo ulipo, ndibweze pampu ndikapeza. Mlandu unathera pomwepo.

Chimene sindinanene ndi ichi. Kuiyesa ndinaiyesadi, madzulo a tsiku loti mawa ndinyamuka, pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu. Kunali kouma, malo ake athyathyathya, katundu ndinalibe. Nditafinya mabuleki, njinga inapitirira bwalo lonse n'kukaima m'chimanga cha eni ake. Ndinayesa kachiwiri, zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinaimika mapesi amene ndinagwetsa, ndinafufuta mapazi a tayala ndi phazi langa, n'kubwerera kunyumba. Usiku umenewo sindinagone. Ndinadziwa kuti njingayo siima. Ndinadziwa kuti njira ya ku Ntcheu ndi yazitsetse, ndi yoti mumadutsa ana. Ndinanyamukabe, chifukwa ndinali nditauza kale anzanga pamsika kuti mawa aona, ndipo kubwerera m'mbuyo kunandichititsa manyazi kuposa kuopa kupha munthu. Mvula inangopeza zinthu zitaonongeka kale. Apongozi anandikhululukira ngozi, pamene ine ndinachita dala.

Chilimwe chimenecho ndinawaona akuthirira dimba ndi makheni awiri, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, kuyambira tambala woyamba. Phewa langa linali lisanalimbe, ndinkangotha kunyamula kheni imodzi. Theka la dimba silinabzalidwe. Kabichi ndi kachewere wa chaka chimenecho sizinakwanitse fizi ya mlamu wanga wamng'ono, moti anakhala kunyumba teremu yathunthu. Pampu ina ndinaigula patatha zaka ziwiri, ndalama zomata machubu ndi za mbuzi zitatu.

Mbande zitatu zija zinagwira. Chaka chachitatu zinachita maluwa mu August, oyera opakira kufiira, ochuluka mpaka anthu odutsa ankaima. Ambiri anayoyoka. Zipatso zochepa zimene zinakhalira zinali zazitali ngati dzira, zofiira mbali imodzi, zina zopanda njere m'kati. Mlangizi anadula chimodzi ndi mpeni n'kundionetsa. Mitengo yonse itatu inali Anna. Dorsett Golden yense anatsala m'chigwembe muja.

Ndi mlangizi yemweyo amene anandiphunzitsa zotsalazo. Kumapeto kwa June ndimapulula masamba onse ndi manja kuti mtengo ugone nthawi imodzi n'kudzukanso nthawi imodzi. Nthambi zoloza kumwamba ndimaziweramitsa ndi zingwe zomangirira miyala kuti zigone chopingasa, pakuti nthambi yogona ndiyo imaphukira thupi lonse n'kubala. Ndimafufuza nsabwe zoyera ngati thonje zimene zimabisala m'ming'alu ya khungwa. Mitengo yanga yakale ya njere sindinaidule yonse. Inayi tinaidula chofika m'chiuno mu July chaka chatha, tinang'amba tsinde ndi mpeni, n'kulowetsamo tinthambi ta Dorsett Golden timene ndinakatenga kwa mlimi uja pa njinga yakapalasa, titakulungidwa m'nsalu yonyowa. Pa inayiyo, iwiri yagwira.

Popita kumeneko ndinadutsa pamlatho uja. Ndinatsika njinga n'kuyenda pansi. Ndinafunsa nyumba ya mayi aja, ndipo anandilozera, koma anali atapita kumaliro kumudzi wina. Mwanayo ndinamupeza akusinja, watalika tsopano, ali sitandade 5. Sanandizindikire. Ndinamusiyira sopo ndi shuga kuti apatse amayi ake, ndipo atandifunsa kuti anene kuti zachokera kwa yani, ndinati kwa bambo a mbande zija.

Mkazi wanga sanamvebe za bwalo la mpira. Ndamuuza kuti Loweruka likubwerali, tikachoka kudimba, tipite limodzi kwa bambo ake, ndili ndi mawu.